Mowa wapsa: mawu amene olawa amaweruzira chipanda

Anganga anga, amene ankakhala chakufupi ndi Utale m'boma la Balaka, akafuna kudziwa ngati mowa wapsa ankayamba ndi khutu. M'bandakucha wa tsiku lomwera, nkhuku zisanatuluke m'khola, ankalowa m'kanyumba kophikira, n'kugwada pambali pa mbiya, n'kutchera khutu. Mowa wamoyo umalankhula. Umachita kaphokoso kosalekeza ngati mvula yowaza ikamagwa pa denga la udzu. Akamva kaphokosoko ankavundukula, n'kuyang'ana thovu, n'kununkhiza. Kenaka ankatunga pang'ono ndi chikho, n'kuviikamo chala, n'kutikita pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti amve kulemera kwake. Kulawa kunkabwera pomalizira. Ine, nditanyamula koloboyi kumbuyo kwawo, ndinkafunsa kuti, "Anganga, wapsa?" Tsiku lina ankati, "Wapsa, kaitane amalume ako." Tsiku lina ankapukusa mutu n'kuti, "Ukadali mwana uwu. Tiupatse mpata mpaka dzuwa lipendeke."

Ndinawakumbukira anganga pamene ndinaona koyamba pepala limene oweruza mowa amagwiritsa ntchito pa mipikisano ya anthu ofulula mowa kunyumba ku America ndi ku Ulaya. Ku America kufulula mowa pakhomo kunaloledwa ndi lamulo limene Pulezidenti Jimmy Carter anasayina mu 1978, ndipo mu 1985 kunabadwa bungwe lotchedwa Beer Judge Certification Program, limene limaphunzitsa ndi kuyesa mayeso anthu ofuna kukhala oweruza. Pepala lawo lili ndi mapointi 50. Fungo limatenga 12, maonekedwe 3, kakomedwe 20, mmene mowawo ukumvekera m'kamwa 5, ndipo 10 otsalawo ndi a chigamulo cha woweruzayo pa mowa wonsewo. Mabotolo amabwera opanda dzina, ali ndi nambala yokha, kuti pasakhale kukondera. Oweruza amakhala awiri kapena kuposerapo, sadzola mafuta onunkhira tsikulo, amatsuka m'kamwa ndi madzi akachoka pa botolo lina kupita pa lina, ndipo akasiyana kwambiri pa mapointi amakambirana kaye mpaka atayandikirana. Nditawerenga ndinaona kuti mphuno, maso, chala ndi lilime la anganga zonse zilimo. Khutu lokha ndilo mulibe, chifukwa mowa wa m'botolo umafika kwa woweruza utasiya kale kuwira, pamene wathu timaumwa ukadali pa ntchito.

Mfundo yaikulu ya mipikisanoyi ndi yakuti mowa uliwonse umaweruzidwa molingana ndi mtundu wake. Woweruza amafunsa ngati mowawo wakhala chimene mwiniwake anati ukhale. Kukonda kwa iye mwini amayamba wakuika pambali. Mowa woyera wa mtundu wa pilsner, umene unayambira mumzinda wa Plzeň mu 1842, uyenera kuonekera mbali ina ya tambula ngati madzi a pachitsime. Ukachita mbuu, wataya mapointi. Ukawawasa ndiye kuti wawonongeka. Ukamveka fungo la chimanga chachiwisi chophika, oweruza amalemba kuti muli DMS, ndipo likachuluka ndi chilema. Ukamveka ngati batala amati muli diacetyl. Ukakhalitsa padzuwa umatulutsa fungo la kanyimbi. Tsono wina atatenga masese a ku Phalula n'kuwaika pa muyeso wa pilsner, angagwe pa mzere uliwonse, poti ndi a mbuu, ndi owawasa, ndipo chimanga ndiye thupi lawo. Komatu oweruza omwewo ali ndi malo a mowa wowawasa wa ku Belgium wotchedwa lambic, ndiponso a mowa wa tirigu wa ku Germany umene umayenera kukhala wa mbuu. Kumeneko kuwawasa kapena mbuu ndi ulemu. Mitundu imeneyi inalembedwa, anthu anagwirizana kuti wabwino amakhala wotere, wolakwika amakhala wotere. Masese athu ali ndi muyeso wawo wokhwima chimodzimodzi, koma muyesowo uli m'malilime a amayi okha, ndipo amayiwo akukalamba.

Mawu oyamba a muyeso umenewu ndi chimera. Munthu amene sadziwa chimera asatsegule pakamwa pa nkhani ya mowa. Mawere, mapira kapena chimanga amaziviika m'madzi, n'kuzifunditsa pamalo pa chinyontho mpaka zitatulutsa timizu, kenaka n'kuziyanika ndi kuzisinja. Mbewu ikayamba kumera imadzutsa mphamvu imene imasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo shuga ameneyo ndi amene pambuyo pake amasanduka mowa. N'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera mukangothiramo chimera. Amayi amadziwanso kuti chimera sachithira m'phala lotentha kwambiri. Amayamba aliziziritsa mpaka chala chizipirira, apo ayi chimeracho chimafa, ndipo phala limangokhala phala. Ofulula a kunja amayeza ndi chida chopimira kutentha, n'kumasunga phala lawo pa madigiri a pakati pa 60 ndi 70. Anganga ankayeza ndi chala, ndipo sindikumbukira tsiku limene chinawanamiza.

Wodziwa kulawa amazindikira chimera cha mawere ndi cha mapira asanameze. Cha mawere chimabweretsa kafungo kofatsa ndi mtundu wodera, cha mapira ofiira chimafiiritsa mowa n'kusiya kakumata pang'ono pa lilime. Akati "chimera chachepa," ndiye kuti mowawo uli ndi ufa wosasungunuka, ukungomveka phala. Akati "chimera sichinaume," amva fungo la chinyontho. Pa mawu amenewa palibe amene amaseka, chifukwa aliyense amadziwa kuti kumbuyo kwake kuli chuku.

Pamene chinenero chathu chalemera zedi ndi pa kuwawasa, kusasa ndi kuwawa. Munthu wongophunzira Chichewa amayesa ndi chinthu chimodzi, koma pa bwalo la mowa ndi milandu itatu yosiyana. Kuwawasa ndi kumene timakufuna. Phala lachimera likagona, tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, tofanana ndi timene timasandutsa mkaka kukhala chambiko, timatulutsa kakuwawasa kamene kamadula ludzu, kamatsitsimula kukhosi, komanso kamaletsa tizilombo toipa kuswana. Mowa wopanda kuwawasa kumeneku umamveka wozizira mtima, ndipo umakola msanga. Kusasa ndi kuwawasa kumene kwapitirira malire. Mowa ukakhalitsa, mpweya n'kumalowamo, umayamba kulowera ku viniga, umaluma m'mphuno, ndipo mano amachita dzanzi. Wolawa amakwinya nkhope n'kunena mawu amodzi okha, "Wasasa," ndipo mlandu watha. Kuwawa ndi kwina. Mu mowa wa m'botolo kuwawa amakufuna, amachita kuthiramo maluwa a chomera chotchedwa hops, ndipo ali ndi muyeso wake wotchedwa IBU. M'masese kuwawa ndi chizindikiro chakuti china chalakwika: mwina phala linapserera pansi pa mgolo chifukwa wotakasa anagona pa mthiko, mwina mbewu inali yofumbwa, mwina chotengera sichinatsukidwe bwino.

Kupserera ndi utsi ndi zinthu ziwirinso zosiyana. Kafungo ka utsi wa nkhuni, kakakhala kochepa, ambiri amakakonda, ndipo ine ndili m'gulu lawo, chifukwa ndi kamene kamasiyanitsa mowa wa pamafuwa ndi wa kufakitale. Kupserera kulibe okukonda. Kukalowa sikutuluka, ngakhale muthire chimera china chochuluka bwanji.

Kulemera ndi kumene oweruza a kunja amakupatsa mapointi 5 okha, koma kwathu kuno ndi theka la nkhani. Mowa wa masese ndi chakumwa komanso chakudya. Pa dima, pamene mwini munda amafulula mowa kuti anzake adzamuthandize kupalira, anthu amagwira khasu kuyambira m'mawa, ndipo chipanda chimene chikubwera chiyenera kukhala ndi thupi. Ukakhala wamadzimadzi amati mwini wake waumira ufa, kapena wauthira madzi kuti uchuluke, ndipo mawu amenewo amayenda mudzi wonse. Ukalemera mopitirira amati watipatsa phala. Kusefa, kumene ena amati kusuza, ndi kumene kumakonza zimenezi: gaga wokhakhala atsale, koma timasese tosalala tidutse, kuti womwa azigwedeza chipanda asanapatsire mnzake. Madzi nawonso ali ndi mawu ake. Kumadera ena a Balaka mijigo imatulutsa madzi amchere, ndipo wolawa wozolowera amadziwa mowa wa madzi a pamjigo ndi wa madzi a m'mipope ochokera ku damu la Mpira ku Ntcheu. Ku England tauni ya Burton upon Trent inatchuka ndi mowa chifukwa cha miyala imene madzi ake amadutsamo, ndipo Plzeň inatchuka chifukwa cha madzi ake ofewa. Amayi akati "madzi awa safulula," akunena nzeru yomweyo.

Mukawoloka Shire pa Liwonde kulowa ku Machinga, boma limene Balaka inali mbali yake mpaka 1998, funso limasintha. Ku Ntaja, ku Nsanama ndi midzi yambiri ya kumeneko anthu ochuluka ndi Ayao achisilamu, ndipo chakumwa cha pa sadaka, pa ukwati, potulutsa ana ku jando ndi ku nsondo, ngakhale pomasula swaumu m'mwezi wa Ramadan, ndi thobwa. Thobwa ndi masese zimachokera m'mimba imodzi: phala, chimera, kugoneka, kuwiritsanso. Zimasiyana pa nthawi. Thobwa amalimwa shuga akadalimo, yisiti asanayambe kumudya. Masese amawalola kupitirira masiku angapo, n'kuwonjezera chimera, mpaka shugayo atasanduka mowa. Tsono kwa mayi wachisilamu kulawa thobwa ndi udindo wa chikhulupiriro. Iye akufufuza malire. Thobwa labwino limatsekemera, lili ndi kakuwawasa kakutali, lilibe thovu lodzuka lokha. Likayamba kutulutsa timathovu, likamaluma pa nsonga ya lilime, botolo likamafufuma n'kuchita phokoso potsegula, ndiye kuti layamba ulendo wopita kumene Ayao amati ukana, ndiwo mowa. Ndinamvapo mayi wina pa sadaka chakufupi ndi Ntaja akuuza mtsikana amene ankatunga kuti, "Ili musawapatse ashehe, lagonetsa. Tengani la mu ndowa iyo, taphika lero." Sanakweze mawu, sanachite kulawa kawiri. Ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Shire, malire amenewa amatha kudutsidwa pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndipo amayi ogulitsa thobwa m'mabotolo apulasitiki pa depoti ya Balaka kapena pamsika wa Liwonde amaidziwa bwino wotchi imeneyi.

Ine ndimaona kuti lilime limene limagwira malire a thobwa ndi lakuthwa kuposa la woweruza aliyense wa satifiketi, chifukwa likufufuza chinthu chimene chikadali chochepa kwambiri, ndipo likalakwitsa, lalakwira anthu pamaso pa Mulungu wawo.

Ngakhale mowa wa kufakitale wa mtundu wathu sunathawe nkhani ya masiku. Chibuku cha m'paketi chimapitiriza kuwira chili m'sitolo, n'chifukwa chake paketi yake imakhala ndi kabowo kotulutsira mpweya. Cha lero chimatsekemera ndipo mphamvu ndi yochepa. Chikagona masiku chimawawasa n'kukhwima. Womwa wodziwa amafunsa tsiku limene chabwera asanatulutse ndalama. Dzina lakelo linachokera ku buku limene woyambitsa wake, Max Heinrich, ankalembamo za mowawo. Iye anatenga mowa wa amayi a m'chigawo chino cha Africa n'kuulemba, ndipo cholembedwacho chinasanduka kampani imene ili m'mayiko angapo. Carlsberg nayo, itatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, inabwera ndi mabuku ake a muyeso. Eni luso lenileni anatsala ndi mawu apakamwa.

Chimene chimandipweteka mtima ndi chakuti mawu onsewa akumezedwa ndi liwu limodzi: kugwira. Lero mnyamata akafika pamalo omwera safunsa za chimera kapena kulemera. Amafunsa kuti, "Mayi, ukugwira?" Ndipo mayi wofulula, amene akufuna ndalama ya fizi ndi sopo, amayankha funso limene wafunsidwa. Amathira shuga wa m'sitolo ndi yisiti wa buledi kuti mowa wa masiku ambiri upse usiku umodzi. Sindimuweruza, poti msika ndi umene wamuphunzitsa. Koma mowa wotero ulibe thupi ndipo ulibe fungo la mbewu. Umangokwera kumutu. Akuluakulu amati mawu awo amakoma akagonera, ndipo mowa wa mbewu nawonso umafuna kugonera komweko.

Kugwira kukakhala muyeso wokhawo, mapeto ake ndi kachasu. Dzinali ndi lachibale ndi cachaça wa Chipwitikizi, ndipo nayenso ali ndi mawu ake. Kachasu safulula, amatcheza: madeya ndi shuga zikawira, amaziika pamoto mu mphika womata bwino, nthunzi n'kudutsa mu paipi yozizira ndi madzi, n'kumadontha m'botolo. Woyamba kudontha ndiye mutu, wokwera mtengo ndi wotamandidwa. Wotsatira amacheperachepera mphamvu mpaka wamadzi. Omwa amauyesa pouthira pang'ono pansi n'kuyatsa machesi, ukayaka moto wobiriwira amati ndiye weniweni. Moto umenewo umangonena za ukali. Sunena chilichonse za zimene zasakanikiramo. Otcheza a ku Scotland ndi kwina nawonso amatcha madontho oyambawo mutu m'chinenero chawo, koma iwo amawapatula osawapereka kwa womwa, chifukwa ndi mmene mumachuluka zinthu zouluka msanga zimene zimapweteka thupi. Liwu ndi limodzi, chigamulo n'chosiyana, ndipo pano ine ndili kumbali yawo. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 litaona mmene unkawonongera achinyamata, koma ludzu la chogwira msanga silinathe ndi lamulolo.

Pali mwambo wina umene pepala la mapointi 50 lilibe. Chipanda choyamba amayamba kumwa ndi mwini mowa, pamaso pa onse, asanachipereke kwa wamkulu. Akutero kuti aliyense aone kuti mulibe choipa. Ndi mwambo waulemu, ndipo ndimaukonda. Koma tiyenera kuvomereza kuti lilime lili ndi polekezera. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu anamwa mowa wa masese, umene kumeneko amati phombe, pochokera ku maliro. Anthu 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula mowawo. Mphekesera inafala yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Kafukufuku atachitika anapeza kuti munali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi kachilombo ka Burkholderia gladioli kamene kanaswana mu ufa wa chimanga umene unali utawonongeka ndi madzi. Mayiyo sanali mfiti. Anamwa nawo chifukwa sanamve choipa chilichonse. Kuno kwathu, mu 2011, a Limbikani Matumba ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mapira, chimera ndi mowa wa masese wa m'chigawo cha kumwera, ndipo anapeza poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin m'chimera ndi mu mowa momwe. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kuwiritsa sikumuthetsa. Chizolowezi chonena kuti chimanga chowola chisatayidwe, chipite ku mowa, n'choopsa, makamaka zaka za madzi osefukira ngati chaka cha namondwe Freddy mu 2023, pamene mbewu zambiri kumwera kuno zinanyowa. Choncho woweruza wa kwathu ayenera kuyamba ndi kupempha kuti aone chimera chouma m'manja, achinunkhize, achiyang'ane ngati chili ndi mawanga obiriwira kapena akuda, asanafike pa chipanda.

Ndimalakalaka tsiku limene pa chionetsero cha zaulimi cha m'boma, pambali pa maungu, nandolo ndi mbuzi, padzakhale tebulo la thobwa ndi lina la masese. Zotengera zikhale ndi manambala okha. Oweruza akhale amayi amene afulula zaka zambiri, a ku Ulongwe, a ku Phalula, a ku Nsanama, ndipo a thobwa akhale ndi tebulo lawolawo kuti amayi achisilamu aweruze momasuka. Pepala lake lilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi mawu awo omwe: fungo la chimera, kuwawasa, kulemera, kusefa, kupserera, ndiponso mzere wa khutu umene a kunja alibe. Kugwira kupatsidwe mapointi ochepa. A Malawi Bureau of Standards kapena ophunzira a zaulimi abwere ndi zida zawo adzayeze chimera, kuti chimene lilime silingaone makina aone.

Anganga anga anapita ndi mawu ena amene sindinawalembe. Tsiku lililonse la mowa linali ndi ntchito yake ndi katchulidwe kake, ndipo ine ndinkangonyamula koloboyi. Inu amene muli ndi anganga, azakhali kapena apongozi amene akadafulula, kaya thobwa kaya masese, pitani mukakhale nawo pamafuwa kuyambira tsiku loviika mbewu mpaka tsiku lomwera. Tengani kope ndi cholembera, ndipo muwafunse dzina la chilichonse chimene akuchita.